Buku la wotchi yolira ka 13 lija, dzina lake nali

Mayi wina amene akukhala ku Leicester wanditumizira imelo. Akuti ali pasukulu anawerenga m'kalasi buku la mnyamata amene ankadzuka usiku wotchi ikalira ka 13, n'kukapezeka m'munda wa maluwa umene masana sunkaoneka. Dzina la bukulo linawathawa, koma akukumbukira kuti munali kamtsikana kamzukwa. Akufunsa kuti ndi buku lanji, nanga lingamuyenere mwana wawo wa zaka 10?

Mayi, bukulo ndi Tom's Midnight Garden, lolembedwa ndi Philippa Pearce. Linatuluka mu 1958 ndipo linapata mphoto ya Carnegie Medal. Koma za mzukwazo ndikutsutsani, chifukwa pamenepo ndi pamene pagona nkhani yonse.

Tom anamutumiza kwa achibale, a Alan ndi a Gwen Kitson, chifukwa m'bale wake Peter anadwala chikuku. Banjalo linalibe mwana, ndipo linkachita lendi m'nyumba yakale yaikulu imene anaidula zipinda zipinda. Kuseri kwake kunali kabwalo ka migolo ya zinyalala basi. Usiku wina wotchi yaikulu ya pansi italira ka 13, Tom anatsegula chitseko chakuseri n'kuona kapinga, mitengo ndi maluwa. Kumeneko ndi kumene anakumana ndi Hatty, mwana wamasiye woleredwa ndi mayi wouma mtima, m'nthawi ya Mfumukazi Victoria.

Awiriwa amafika pokangana kuti mzukwa ndani pakati pawo. Hatty ali ndi mfundo yake: Tom ndi amene amadutsa pachitseko chotseka, ndipo anthu ena m'mundamo samuona, kupatula Abel wosamalira munda, amene poyamba amamuyesa chiwanda. Koma palibe wakufa apa. Hatty ndi gogo mwini nyumba imene Tom akukhalamo, Mrs Bartholomew, amene amakhala m'chipinda chapamwamba ndipo amatsika kudzapukusa wotchi yake. Usiku akamalota za ubwana wake, Tom, pofunitsitsa mnzake wosewera naye, amalowa m'malotomo. N'chifukwa chake nthawi m'mundamo siyenda mwadongosolo: lero Hatty ndi kamwana kolira maliro a makolo ake, mawa wasinkhuka. Maloto a nkhalamba satsata kalendala.

Chigawo chimene ine ndimachikonda ndi cha nsapato zotsetserekera pamadzi oundana. Tom amapempha Hatty kuti azibise pansi pa thabwa la m'kabati ya kuchipinda kwake. Kutacha amakazipezadi pomwepo, zitatha zaka zambirimbiri, pali kakalata. Ndiye m'chisanu choopsa cha 1895 onse awiri avala nsapato zimodzimodzizo, akutsetsereka pamtsinje mpaka ku Ely, kukakwera nsanja ya tchalitchi chachikulu cha kumeneko. Pobwerera akwera ngolo ya mnyamata wina, Barty, ndipo Hatty, amene tsopano ndi namwali, akucheza ndi Bartyyo mpaka iye sakumuonanso Tom. Mwana akawerenga amangoti Hatty wataya mnzake. Munthu wamkulu amadziwa kuti mtsikanayo wangokula, ndipo zimapweteka mwa mtundu wina. Ndikukhulupirira kuti mukaliwerenganso pano, pamenepa mudzaima kaye.

Mundawo sunali wongopeka. Pearce anakulira ku Great Shelford, pafupi ndi Cambridge, m'nyumba ya pachigayo cha bambo ake m'mbali mwa mtsinje wa Cam, ndipo munda wa pakhomo pawo ndi umene anauika m'bukumo. Kuchokera ku Leicester si kutali kwenikweni. Ku Ely mutha kupita ndi mwanayo pa sitima.

Zaka 10 ndi msinkhu woyenera. Chingerezi chake n'cha m'ma 1950, ndipo mitu yoyambirira imayenda pang'onopang'ono, makamaka a Alan akayamba kulongosola za nthawi ngati mphunzitsi wotopetsa (wolembayo anachitira dala). Muwerengereni mokweza mpaka chitseko chakuseri chitseguke, kenako musiyireni. Filimu ya 1999 ilipo, koma idikire kaye, ndipo musamuululire kuti gogo wapamwamba uja ndani.