Kodi amayi anu apite ku Kerala kukatsuka m'thupi?

Mayi wina amene amagwira ntchito ku Johannesburg wanditumizira imelo. Akuti amayi ake ali ku Zomba, ali ndi zaka 68, amamwa mankhwala a BP ndi a shuga, ndipo mawondo akuwavuta. Iye waona pa Facebook malo ena a ku Kerala, ku India, akuitanira anthu kukatsuka m'thupi kwa milungu iwiri mwa njira yotchedwa panchakarma ya Ayurveda, using'anga wachikhalidwe wa ku India. Akufunsa ngati n'zoona kuti imachotsa "poizoni yense wa mapilisi", komanso ngati ana asonkhe ndalama awatumize.

Achemwali, kwa munthu wa msinkhu umenewo, wa matenda awiriwo, ine ndikuti ayi. Chifukwa chake chili m'zimene zimachitika mukalowa m'chipindamo.

Zithunzi mwaonazo, za munthu atagona chagada akumuthira mafuta ofunda pamphumi, n'zokopera alendo. Panchakarma yeniyeni ndi ntchito zisanu zolembedwa m'mabuku a Charaka ndi Sushruta, asing'anga akale a ku India, zaka zoposa 1,500 zapitazo. Vamana ndi kusanzitsa: wodwala amamwa mkaka kapena madzi a zitsamba mpaka mimba kuti ndi, kenako amapatsidwa mankhwala a chipatso cha madanaphala, n'kuyamba kusanza sing'anga akuwerenga. Kanayi ndiye pang'ono, kasanu ndi katatu ndiye zayenda bwino. Virechana ndi kutsegulitsa m'mimba, nthawi zambiri ndi muzu wa trivrit kapena mafuta a nsatsi, ndipo apa mabuku amawerenga maulendo 10, 20 ngakhale 30 a kuchimbudzi. Basti ndi kulowetsa mafuta kapena madzi a zitsamba kudzera kumunsi. Nasya ndi kudontheza mankhwala m'mphuno. Yachisanu, malinga ndi a mwambo wa Sushruta, ndi kuchotsa magazi, nthawi zina poika misundu pakhungu.

Izi zisanayambe, munthu amamwa mafuta a mkaka wa ng'ombe otchedwa ghee m'mamawa asanadye kanthu, muyezo ukukwera tsiku lililonse, kwa masiku 3 mpaka 7. Amamupaka mafuta, amamufukiza nthunzi kuti atuluke thukuta. Akamaliza kusanza kapena kutsegula, sabwerera ku chakudya msanga. Amayamba ndi phala lamadzimadzi la mpunga, n'kumalimbitsa pang'onopang'ono kwa masiku angapo.

Tsopano taganizirani amayi anu. Kutsegula m'mimba maulendo 20 kumachotsa madzi ndi mchere wa potassium, umene mtima umadalira kuti uzigunda bwino. Ngati mankhwala awo a BP ndi aja okodzetsa, monga hydrochlorothiazide, madzi akutuluka kale, ndiye impso zimapanikizika kawiri. Ngati amamwa glibenclamide kapena kubaya insulin, kukhalira phala lamadzi kungagwetse shuga mpaka kukomoka. Metformin nayo safuna munthu wouma m'thupi. Ndipo pilisi limene lasanzidwa silinagwire ntchito. Izi azimve ndi ena owerenga amene amamwa ma ARV. Ngakhale mabuku a Ayurveda eni ake amaletsa kusanzitsa okalamba, ana, amayi oyembekezera, ofooka ndi odwala mtima. Wotsatsa amene sakukufunsani za matenda asanakuuzeni mtengo sakutsatira ngakhale mwambo umene akugulitsawo.

Za poizoniyo. Ayurveda imaphunzitsa kuti m'thupi muli mphamvu zitatu, vata, pitta ndi kapha, ndipo moto wogaya chakudya ukafooka pamatsala zinyalala zotchedwa ama, zimene zimatseka njira za m'thupi. Mafuta ndi nthunzi akuti zimasungunula zinyalalazo n'kuzikokera m'mimba kuti zitulutsidwe. Kufotokozaku n'kwadongosolo ndithu, koma palibe labu imene inayezapo ama m'magazi a munthu. Ndipo mabukuwo sanenapo za mapilisi a BP. Chimenecho ndi chiyankhulo cha malonda cha masiku ano. Mapilisiwo chiwindi ndi impso zimawatulutsa, n'chifukwa chake amayi amamwa ena mawa lake.

Chodandaulitsa n'chakuti poizoni amene makina amamuona nthawi zina amapezeka m'mankhwala otsukirawo. Pa kafukufuku wofalitsidwa mu 2004, Dr Robert Saper ndi anzake anagula mankhwala 70 a Ayurveda m'masitolo a ku Boston ndipo 14 anali ndi mtovu, mercury kapena arsenic. Pa kafukufuku wina wofalitsidwa mu 2008 anayeza 193 ogulidwa pa intaneti, napezanso pafupifupi mmodzi mwa asanu aliwonse ali choncho. Mwina ndi uve wa kufakitale, koma pali ena otchedwa bhasma amene amapangidwa dala ndi zitsulo zowotchedwa, eni ake akukhulupirira kuti kuwotchako kwachotsa ululu. Mtovu umawononga impso ndi kukweza BP, zinthu ziwiri zimene amayi akulimbana nazo kale.

Sindikuti Ayurveda yonse ndi chinyengo. Ku India sing'anga wake amaphunzira zaka zisanu ndi theka kuti apeze digiri ya BAMS, ndipo kuyambira 2014 boma lili ndi unduna wa AYUSH woyang'anira zimenezi. Ku Kottakkal, ku Kerala komweko, kuli chipatala cha Ayurveda cha Arya Vaidya Sala, chokhazikitsidwa mu 1902, ndipo anthu a ku Kerala amakonda kulandira chithandizochi m'mwezi wamvula wa Karkidakam, pakati pa Julaye ndi Ogasiti. Pa nkhani ya mawondo palinso umboni wina: kafukufuku wa ku Berlin wofalitsidwa mu 2018, wa anthu 151 a nyamakazi ya m'mawondo, anapeza kuti amene analandira chithandizo cha Ayurveda ululu unachepa kuposa anzawo amene analandira chithandizo cha masiku onse cha kuchipatala. Koma chithandizo cha Ayurvedacho chinali makamaka cha kusisita ndi mafuta, kusintha kadyedwe ndi kulimbitsa thupi. Zimenezi sizifuna tikiti ya ndege.

Ngati banja likakamirabe, funsani ngati pamalopo pali dokotala wa BAMS wolembetsedwa, akupatseni polemba dzina la mankhwala aliwonse, mukane vamana, virechana ndi chilichonse cha bhasma, ndipo dokotala wa amayi aone mndandandawo asananyamuke. Aliyense wonena kuti asiye mapilisi, mutsanzikane naye pomwepo.

Ndalama mukuti musonkhezo, yambani ndi kuwayezetsa impso, maso ndi mapazi, zimene wodwala shuga amayenera kuyezetsa chaka chilichonse. Muwafunsenso bwino ngati ululuwo uli m'mawondo mokha kapena mapazi amachitanso dzanzi ndi kuwotcha usiku, chifukwa kumeneko kungakhale shuga akuwononga mitsempha, ndipo chithandizo chake n'china.