Achimwene, musabise njerwa pansi pa masamba

Kalata yanu ndidaiwerenga usiku Lachiwiri, ndipo tulo tidachedwa kubwera. Mwati mwatha miyezi isanu ndi itatu kuno ku Joni, abwana anu ku Randburg apita kutchuthi, ndipo akusiyirani ndalama kuti muitanitse sikipi, chibini chachitsulo chija amabweretsa pa lole, muyeretse kuseri kwa nyumba. Kuli mpanda wa konkire wogwa, mtengo wodulidwa ndi kashedi kakale kophwasuka. Funso lanu ndi lakuti, kodi zonsezi zingalowe m'sikipi imodzi?

Ndikuyankhani, koma mundilole ndiyambe ndi zimene zidandigwera ine, chifukwa funso lomweli ndidalibe wondiyankha pamene ndinkalifuna.

Chinali chaka changa choyamba. Ndinkagwira m'munda mwa banja lina masiku atatu pa sabata, masiku enawo ndikusaka maganyu. Mwezi wa Novembala, misewu ili mbuu ndi maluwa a jakaranda, madamu adaitanitsa sikipi ya makyubu 6 (kyubu ndi malo a mita imodzi m'litali, m'lifupi ndi m'kuya), nangondiuza kuti pofika Lolemba kuseri kukhale koyera. Sadanene china chilichonse. Ine ndidaganiza monga aganizira munthu aliyense wokulira kumudzi: dzala ndi dzala, chilichonse chimapita momwemo. Ndidayamba ndi zolemera. Masilabu a mpanda uja anzathu kuno amautcha stop nonsense, njerwa zoswekasweka, zibuma za simenti za khonde lakale, zonse ndidakankha pa wilibala kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Zikhatho zidachita matuza, matuzawo adaphulika, ndidamanga nsanza n'kupitiriza. Kenako ndidathira dothi limene tidakumba pokonza ngalande, pamwamba pake kapinga wozula ndi dothi lake lomwe, ndipo pomaliza nthambi ndi masamba mpaka phiri. Nditaima patali n'kuyang'ana, mtima udakhala pansi. Ndinkati ndagwira ntchito yoti munthu aiyamikire.

Lamulungu madzulo kudagwa mvula ija ya kuno, ya mabingu ndi matalala, yobwera mwadzidzidzi. Sikipi idali pamtetete, yosafunditsidwa.

Lolemba dalaivala adabwera, adakola matcheni anayi aja m'mbali, n'kuyamba kukweza. Ndimakumbukirabe kulira kwa injini ndi momwe matayala akutsogolo a lole adapepukira ngati afuna kunyamuka. Sikipi idangosuntha pang'ono, madzi amatope akuchucha m'makona. Adaitsitsa, adatsika, adatenga ndodo n'kufukula masamba. Ataona konkire pansi sadakalipe. Adangopukusa mutu, naimba foni ku ofesi, n'kuchoka. Ulendo wopanda katunduwo udalipiritsidwa, masiku owonjezera nawo adalipiritsidwa, ndipo ndalamazo adazidula pa malipiro anga a mweziwo. Ndidatha masiku awiri ndikutsitsa ndi manja zimene ndidakweza ndi manja omwewo, matope mpaka m'zigongono. Mwezi umenewo sindidatumize kanthu kumudzi, mayi akudikira ya feteleza.

Chimene palibe adandiuza n'chakuti sikipi ili ndi malire awiri. Pali malire a malo, amene maso amaona, ndiye pali malire a kulemera, amene amaona ndi sikelo ya magalimoto ya kudzala. Konkire yolimba imalemera pafupifupi makilogalamu 2,400 pa kyubu imodzi. Ikaswedwa pamakhala mipata, komabe kyubu ya zidutswa imafika pafupifupi tani ndi theka. Ndiye werengani nokha: sikipi ya makyubu 6 yodzaza zidutswa ndi matani 9 kapena kuposa. Dothi lonyowa silisiyana kwenikweni ndi zimenezo. Madzi okha kyubu imodzi ndi tani yathunthu. Koma nthambi ndi masamba ouma mutha kudzaza sikipi yomweyo mpaka pakamwa, lole osamva n'komwe. Zinthu ziwirizi n'zosiyana ngati chimanga ndi mankhusu, ndipo wobwereketsa sikipi amaika mtengo podziwa chimene chilowemo ndi kumene akachitaye.

Apa ndi pamene anthu ambiri samvetsa. Zinyalala za m'munda zikakhala zokhazokha zimapita kokazigaya kuti zikhale kompositi. Zidutswa za njerwa ndi konkire zikakhala zoyera, zopanda mapepala, matabwa kapena masamba, zimatha kuphwanyidwa n'kugwira ntchito yokwirira pansi pa misewu ndi pomanga. Mukangosakaniza, zonse ziwiri zafa. Makina ogaya nthambi akakumana ndi njerwa mano ake amathyoka, ndipo zidutswa zodzaza masamba palibe womanga amene angazifune, poti masambawo akawola pansi pamatitimira. Katundu wosakaniza amangopita kudzala lalikulu, ndipo ndiye wodula kwambiri kutaya.

Ndidakafikako ku Robinson Deep, dzala lalikulu la Pikitup, kampani ya mzinda yotola zinyalala, kumwera kwa tauni, pafupi ndi Turffontein. Pamalopo padali mgodi wa golide kalekale. Lero ndi phiri la zinyalala, malole ali pamzere, fungo lokulandira uli kutali, ndipo pamwamba pali anthu, amuna ndi akazi, akutola mabotolo, zitsulo ndi makatoni kuti akagulitse. Nditaima pamenepo ndidakumbuka agogo anga aamuna amene adabwera kuno pa Wenela, bungwe lija lolemba anthu ntchito ya m'migodi, kudzakumba pansi pa mzinda womwewu. Iwo ankatulutsa miyala pansi, ife adzukulu tikuunjika zinyalala pamwamba. Madzala a mzindawu, kuphatikizapo Marie Louise ndi Goudkoppies, akudzaza, ndipo zimandipweteka kuona malole athunthu a masamba, chakudya chenicheni cha nthaka, akukwiriridwa pamodzi ndi matewera ndi mapulasitiki.

Kwathu sitinkatero. Mayi anga sankataya tsamba. Zosesa za pabwalo zinkapita kudzala la kuseri kwa khola, chaka chikatha n'kukafukula manyowa akuda bii opita kudimba. Njerwa yosweka inkadikira tsiku lomanga maziko a khitchini, kapena anyamata ankakakwirira nayo dzenje la pamsewu. Chitsa chinali nkhuni za pamaliro. Sindikunena kuti kumudzi zonse zili bwino, majumbo ali mbwee m'misika yathu ndipo ngalande za ku Limbe zimatsekeka chaka ndi chaka. Koma nzeru yoti chowola chipite kwa zowola, cholimba kwa zolimba, tidabadwa nayo. Ine ndidaitaya tsiku limene ndidaona chibini chachikulu, ndikuganiza kuti kuno zinthu zimangosowa zikalowa mmenemo.

Tsono ndinene mosabisa mawu. Pali anzathu ena, Amalawi ndi a mitundu ina, amene amalangiza obwera kumene kuti ika zolemera pansi, ubise ndi masamba, dalaivala sadzaona. Amenewa si alangizi. Tcheni ikaduka sikipi ili m'mwamba, amene waima pafupi ndi dalaivala kapena inuyo. Lole yolemera mopyola muyeso siima msanga pa maloboti, ndipo kutsogolo kwake kumakhala takisi yodzaza anthu. Magalasi obisika m'masamba amakacheka dzanja la mayi amene akutola pamwamba pa phiri lija, amene alibe ngakhale magolovesi. Ndipo ndinenenso za mabwana: munthu amene amaitanitsa sikipi pa foni, kuuzidwa malamulo onse, koma osafotokozera amene akweze katunduyo, kenako n'kumudula malipiro, walakwa. Ndinkadziimba mlandu zaka zambiri pa nkhani ija. Lero ndikudziwa kuti mlandu sudali wanga ndekha. Abwana anu akusiyirani udindo, chabwino, koma muwalembere uthenga pa WhatsApp wonena zimene mwagwirizana ndi a sikipi, kuti mawa pasadzakhale kukanirana.

Kashedi kaja

Ichi ndiye chidandisowetsa tulo. Simudanene kuti denga la kashediko ndi la chiyani. Ngati ndi malata otuwa, okhuthala, osachita dzimbiri, ooneka ngati simenti yopindapinda, ndipo kashediko n'kakale, musawagwire kaye. Akhoza kukhala a asibesitosi. Dziko lino lidakumba mwala umenewu kwa zaka zambiri ku Prieska, ku Kuruman ndi ku Penge, ndipo udaletsedwa kotheratu mu 2008, koma madenga, mapaipi ndi magatala akale akadali paliponse. Akakhala athunthu savuta kwambiri. Akaswedwa amatulutsa timaulusi tosaoneka ndi maso, timene tikalowa m'mapapo sitituluka, ndipo matenda ake amadzaonekera patapita zaka makumi awiri, atatu, mwina anayi.

M'sikipi yanga ija mudali malata otere asanu ndi limodzi. Adali aatali, osakwana, ndiye ndidawaswa ndi hamala. Ndimakumbukira fumbi loyera pa nsidze ndi pa malaya, ndikulipukuta ndi dzanja, kenako n'kukhala pansi kudya buledi. Agogo aja adabwerera kumudzi ndi chifuwa cha fumbi la mumgodi, ndipo ndidakula ndikumva kutsokomola kwawo usiku kuseri kwa khoma. Ndikakhosomola masiku ano ndimakumbuka hamala ija. Achimwene, asibesitosi salowa m'sikipi wamba, ndipo kumuchotsa ndi ntchito ya makontilakitala olembetsedwa kuboma. Kansalu kapamphuno sikateteza. Jambulani chithunzi, tumizani kwa abwana, muwauze kuti ichi chokha simukhudza. Akakwiya akwiye.

Mtengo uja

Musanadule nthambi, yang'anani khungwa. Mukaona timabowo tating'ono ngati nsonga ya bolopeni, pena pali madontho onyowa kapena kaufa, mwina ndi kachikumbu kaja kotchedwa shot hole borer, kamene ine ndimati nankafumbwe wa mitengo. Kadapezeka koyamba m'dziko lino mu 2017 ku Pietermaritzburg, ndipo kapha mitengo yambiri mu Johannesburg, makamaka box elder, English oak ndi London plane. Kamafala kwambiri anthu akamanyamula mitengo yodwala kupita nayo kwina. Mtengo wotere musagawire anzanu ngati nkhuni, musausakanize ndi zinyalala zina za m'munda. Dziwitsani a City Parks, oyang'anira mapaki ndi mitengo ya mzinda, akuuzeni koyenera kupita nawo, kapena uduleniduleni muufunditse pulasitiki mothina, ukhale padzuwa kwa miyezi ingapo pomwepo.

Ndiye yankho lanu ndi ili: ayi, sikipi imodzi ya zonse musaitanitse. Sikipi isanabwere, unjikani milu itatu: zidutswa za konkire ndi njerwa pazokha, za m'munda pazokha, zotsala monga matabwa openta ndi mapulasitiki pazokha. Yezani ndi wilibala. Mawilibala a omanga pafupifupi 15 ndi kyubu imodzi. Poimba foni nenani zoona za chimene muli nacho, funsani malire a kulemera, masiku amene sikipi ikhale, ndi ndalama zowonjezera mukapyola. Ya zidutswa tengani yaing'ono, ya makyubu 2 kapena 3, ngakhale itayenda maulendo awiri. Funsaninso ngati amalola dothi ndi zitsa, poti ambiri sawerengera chitsa kapena kapinga wa dothi ngati zinyalala za m'munda. Gwedezani dothi lichoke ku mizu. Nthambi ziduleni zifupike kuti zigone bwino, ndipo ngati pali mnzanu wa bakkie, kagalimoto ka pikapu, Pikitup ili ndi malo olandirira za m'munda m'madera ambiri, mwina sikipi yachiwiri simuifuna n'komwe. Penti, mabatire, matayala, mafuta a galimoto ndi masilinda a gasi zisalowe. Katundu asapitirire pakamwa pa sikipi, zolemera muziyale mofanana osati mbali imodzi, ndipo madzulo alionse fundikani lona. Zitsulo ikani padera pageti, anyamata otola zokagulitsa pa matrole adzazitenga mosangalala.

Masamba okhawo musatumize kulikonse. Sankhani kona ya kuseri kumene madamu sapitako kawirikawiri, muwaunjike, muziwaza madzi ndi kutembenuza pakatha sabata ziwiri. Ndipo mundilembere denga lija mukaliona, musanakhudze chilichonse. Chithunzicho ndikuchidikira.