Kodi ndiyale pulasitiki pansi pa udzu?

Mayi ena a ku Dedza andilembera imelo. Atopa ndi malata, omwe amatentha mu Okutobala ndipo m'mawa wa mu Juni amadontha thukuta. Akufuna kufoletsa udzu, koma wofolera wati ayambe ayala pepala lakuda la pulasitiki. Akuopanso moto.

Mayi, pulasitikiyo musayale. Ambirife timatero poopa kudontha, ndikudziwa, koma denga la udzu limafuna kupuma. Nthunzi ya m'nyumba, ya madzi osamba ndi mpweya wa anthu ogona, imakwera n'kutulukira mu udzumo. Ikapeza pulasitiki wozizira usiku wa ku Dedza kwanuko, imasanduka madontho n'kumanyowetsa phaso, thukuta lomwe mukulithawa lija. Madzi a mvula olowa pamwamba pake nawonso sauma msanga, udzu umayamba kuwola chamkati inu mukuona ngati uli bwino. Moto ukabuka, pulasitiki amasungunuka n'kumadonthera anthu.

Chimene chimaletsa kudontha ndi kutsetsereka kwa denga. Lisachepere madigiri 45, kuti madzi azithamanga osaima. Udzu ukhale wouma, wodulidwa utakhwima, wopesedwa bwino, ndipo wofolera aupanikize mpaka kukhuthala masentimita 15 kapena kuposa. Mpweya wotsekeredwa m'mapesi mwakemo ndi umene umatchinga dzuwa masana n'kusunga kafundidwe usiku. Apa musaumire ndalama.

Za moto mwaopa zoona, ndipo nkhaniyi imandikhudza. Khitchini ikhale payokha, pataliko, mbali imene mphepo siingauluzire nthethe ku nyumba. Mbaula isalowe. Ngati mukoka magetsi, mawaya adutse m'mapaipi ndipo babu lisayandikire udzu, chifukwa makoswe amakonda kutafuna waya m'denga. Kuyambira Ogasiti mpaka mvula itagwa, lambulani kuzungulira nyumba yonse. Moto wa osaka mbewa umayenda ndi mphepo ndipo sufunsa kuti pano mpa yani.

Mankhwala opopera pa udzu alipo. Amachedwetsa moto koma sauletsa, komanso amasuluka ndi mvula, choncho amafuna kubwereza. Ngati thumba likulola, ikani siling'i ya jipisamu (mabolodi osagwira moto msanga), musiye mpata pakati pa iyo ndi udzu kuti mphepo izidutsa. Moto woyambira m'chipinda umachedwa kufika ku denga, ana n'kupeza nthawi yotuluka.