Yankho kwa amalume pa za galimoto yamagetsi yokafika ku Blantyre

Amalume, mwaswera bwanji? Funso lanu lija mwaponya pagulu pano ndalimva, loti mizere ya mafuta yakutopetsani, ndiye mukufuna galimoto yamagetsi yotsika mtengo yoti muzinyamuka nayo ku Area 25 mpaka ku Blantyre osaima panjira. Chithunzi cha Nissan Leaf mwaipeza pa intaneti ija ndachionanso. Ndangoti ndiyankhule poti kulemba kukanatalika, mundipirire pang'ono.

Ndalama musatumize kaye. Makilomita amene ogulitsa amalemba aja asakukopeni, nambala yoyenera kuyang'ana ndi ya kWh, kukula kwa batire. Sizovuta kumva, kWh imodzi ndi yuniti imodzi yomwe ija timagula ku ESCOM. Batire ya 60 kWh imalowa mayunitsi 60, basi. Galimoto yaing'ono ikamathamanga 90 kapena 100 pa M1 imadya mayunitsi 15 mpaka 17 pa makilomita 100 alionse. Kuchoka kuno kukafika ku Blantyre ndi makilomita pafupifupi 310, ndiye pafunika mayunitsi ngati 50, kuonjezanso ena otsala kuti musafike pa Lunzu mtima uli m'mwamba. Pa ulendo umenewu, batire yosafika 60 kWh musaiganizire n'komwe.

Tsono Leaf yanuyo ndi ya 2013, batire yake ndi 24 kWh, ndipo nambala imeneyo ndi ya tsiku lomwe inatuluka mufakitale. Batire imakalamba. Pa dashboard, chakumanja kwenikweni, pali timizere 12 tosonyeza thanzi lake. Pachithunzi chanucho ndawerenga 8. Ndiye kuti yatsala ndi mphamvu yosapitirira magawo awiri mwa atatu, mayunitsi 13 kapena 14 ogwiritsa ntchito. Ndi zitunda za ku Dedza zija, mwina pa boma pomwepo simufika. Chinanso, batire ya Leaf ilibe madzi oiziziritsa, ndiye kutentha kwa Okutobala, galimoto ili padzuwa tsiku lonse, kumaikalambitsa msanga. Yoyenda mutauni muno, Kanengo, City Centre, ku msika waukulu, ndi yabwino ndithu. Ya ku Blantyre ayi. Ngakhale ya 40 kWh, zija zinayamba cha mu 2018, ingakupitiritseni pa Ntcheu n'kukakusiyani cha ku Balaka.

Mwina mufunsa kuti nanga zotsika mtengo zoyenda mtunda wautali amazipanga bwanji. Chodula kwambiri pa galimoto yotere ndi batire, ndiye opanga anasintha zoika mkati mwake. Pali mtundu wotchedwa LFP, mulibe nickel ndi cobalt, miyala yodula ija. Imalemera pang'ono kuposa inzake ya NMC, yomwe ili ndi nickel ndi cobalt, koma imapirira kutentha, siigwira moto msanga, ndipo mutha kumaidzaza mpaka 100 peresenti osaiononga. Opanga amachita kunena kuti muziidzaza kamodzi pa sabata kuti kompyuta yake iziwerenga bwino zotsala. Ya NMC masiku wamba mumaimira pa 80, kudzaza ndi tsiku la ulendo lokha. BYD Dolphin yaikulu ili ndi LFP ya 60 kWh. MG4 ilipo ya 51 kWh ya LFP ndi ya 64 kWh ya NMC. Kwathu kuno ine ndingasankhe LFP.

Njira ina ndi kaumbidwe ka thupi. Amazipanga zachidule msinkhu, zosalala kunsi, kuti zizidula mphepo. Liwiro likawirikiza kawiri, mphepo imakankha kanayi. N'chifukwa chake mukaponda 120 m'malo mwa 90 mutha kutaya kota ya mtunda wanu wonse. Koma apa ndi pomwe pamandidetsa nkhawa, amalume. Batire imakhala pansi, pakati pa matayala. Mahampu athuwa, maenje a nthawi yadzinja, msewu wafumbi wopita kumudzi uja, mwala umodzi ukatebula chitsulo cha pansipo ndi ndalama zoopsa, ndipo batire yotebuka sayendera. Yezani ndi tepi kuchokera pansi. Zambiri zimakhala masentimita 15 kapena kucheperapo, inu funani yoyandikira 17 kapena 18. Matayala tengani a saizi 16 okhala ndi mphira wokwanira m'mbali, osati a 18 opyapyala aja. Zambiri sizibwera ndi tayala lapadera, mugule lanu ndi jeke yemwe.

Pa makilomita olembedwa aja, onani timalemba totsatira nambala. Pakalembedwa CLTC, ndi muyeso wa ku China, umakometsa kwambiri. WLTP wa ku Ulaya uli bwinoko, komabe chotsanipo gawo limodzi mwa asanu. Dolphin ija amati makilomita 427. Mukwezemo anthu anayi, thumba la chimanga kumbuyo, AC ikuyaka, muyembekezere 340. Kukwera kuchoka kuno, mamita pafupifupi 1,050, kukafika ku Dedza cha pa 1,600, kumadya mayunitsi awiri kapena atatu apadera. Potsetsereka kulowera ku Zalewa mota imabweza ena mubatire mukangochotsa phazi. Musaiwale kuti mukawoloka Shire mukuyambanso kukwera mpaka ku Blantyre, batire itatsika kale.

Samalaninso komwe ikuchokera. Zopangidwira msika wa ku China chiwongolero chili kumanzere, pulagi yake ndi GB/T. Za ku South Africa ndi ku UK chili kumanja ngati zathu, pulagi ya zambiri ndi Type 2 ndi CCS2. Za ku Japan pulagi yake ndi CHAdeMO, ndipo chingwe chotchajira chomwe zimabwera nacho anachipangira magetsi a 200V pomwe athu ndi 230V. Chimenecho musinthe, musachilumikize.

Tibwere kunyumba. Tchaja yonyamula ija pa soketi wamba imakoka 10A, ndiye 2.3 kW. Kudzaza 60 kWh kuchokera pa ziro ndi maola oposa 26. Koma zoyenda tsiku ndi tsiku, tinene makilomita 40, ndi mayunitsi 7, maola atatu basi. Ekisitenshoni musagwiritse ntchito, chonde. Moto ukayenda maola ambiri pamalo polumikiza mogwejema, pulagi imatentha mpaka kusungunuka. Chabwino ndi tchaja yapakhoma ya 7 kW, imadzaza pa maola ngati 9. Imafuna waya wakewake wa 6 mm² kuchokera pa DB, bokosi la mabreaker lija, breaker ya 32A, RCD yodula magetsi akamathawira kwina, earth yokhomedwa bwino, ndi surge protector poteteza magetsi akamabwera mwamphamvu atazima, komanso ziphaliwali. Aike ndi wamagetsi wokhala ndi chiphaso cha MERA, ndipo aone ngati nyumba ingasenze tchajayo giza ndi kuka zikuyaka limodzi. Sola yanu ija yokhala ndi batire ya 5 kWh usiku singadzaze galimoto, imangothandiza masana dzuwa likuwala. Ku Blantyre nakonso mudziwiretu kotchajira musananyamuke, poti pa soketi wamba usiku umodzi sukwana kubwerera.

Oyilo wa injini, mapulagi a injini, kilatchi, zonsezo kulibe. Zotsala ndi matayala, omwe amatha msanga chifukwa cha kulemera, brake fluid, madzi oziziritsa, ndi kabatire kakang'ono ka 12V. Kameneka kakafa galimoto siyaka ngakhale yaikulu ili yodzaza. Mawaya a mtundu wa lalanje aja muli moto wofika 400V, makaniko wosaphunzira za magalimoto amenewa asawagwire.

Musanalipire iliyonse, wogulitsa akutumizireni chithunzi cha SOH, thanzi la batire, choyezedwa ndi kachipangizo ka OBD, kolumikiza ku kompyuta ya galimoto. Pa Leaf amayeza ndi pulogalamu ya LeafSpy. Ikakhala pansi pa 85 peresenti, isiyeni. Ku MRA mupite akuwerengereni msonkho galimoto isanakwere sitima. Ndiye madzulo ano munditumizire chithunzi cha DB yanu ndi risiti ya mayunitsi mwagula komaliza, tiwerenge mayunitsi 18 pa makilomita 100, poti ena amatayika potchaja, tiyerekeze ndi malita 7 a petulo omwe galimoto yanu ikudya panopa. Azakhali muwapatse moni.