Alamu, Khutu Limaphunzitsika

Alamu, moni. Uthenga wanu uja ndauona, koma ndikati ndilembe zonse zala zindiwawa, ndiye bola ndingoyankhula. Ena m'gulupumu amene za nyimbo sizikukukhudzani, pepani, ingodumphani. Mwati kiyibodi mumaimba bwinobwino akakulemberani papepala ma chord, manoti angapo odinidwa pamodzi aja, koma munthu akangoyambitsa nyimbo yoti simunaikonzekere mumasowa pogwira, ndiye wina wakuuzani za ma app ophunzitsa khutu. Funso lanu n'lakuti kodi amathandizadi, kapena kumva nyimbo n'kuigwira pompopompo ndi mphatso yobadwa nayo.

Amathandiza alamu, asakunamizeni. Kungoti pali zinthu ziwiri zimene anthu amaziphatikiza. Alipo anthu ena, ochepa kwambiri, oti mukadina batani limodzi iwo atayang'ana kumbali amakuuzani kuti imeneyo ndi F sharp. Zimenezo amati perfect pitch, ndipo ambiri amene ali nazo anayamba nyimbo ali ana aang'ono. Zisiyeni, si zimene mukusowa. Inu mukusowa chimene amati relative pitch, kumva kuti noti iyi yatalikirana bwanji ndi inzake, komanso kuti yakhala pati mu kiyi imene nyimboyo ikuimbidwira. Ngati mumatha kumva kuti woimba uyu waphonya, ndiye kuti poyambira muli napo kale, kaya muli ndi zaka 15 kaya 50. Oimba ambiri mumawasirira aja, ogwira nyimbo isanafike n'pakolasi pomwe, akuyendera chimenechi.

Ma app ake ndi ambiri. Pali Perfect Ear, imene ili ndi pafupifupi chilichonse, ma interval, kutanthauza mtunda wa pakati pa manoti awiri, ma chord, ma scale, ngakhale kawombedwe ka nthawi. Pali EarMaster, yopangidwa ku Denmark, imene imatha kukumverani pa maikolofoni mukamaimba n'kukuonetsani ngati mwagunda notiyo kapena mwapitirira. Pa kompyuta pali GNU Solfege yaulere, ndipo pa intaneti musictheory.net ndi teoria.com ali ndi masewera ake osafuna kuika chilichonse m'foni. Zonsezi n'zabwino. Koma mutandifunsa ine, ndipotu mwandifunsa, yambani ndi Functional Ear Trainer, yotsatira njira ya Alain Benbassat. Ndifotokoze chifukwa chake, poti nkhani yonse yagona pamenepa.

Imeneyi sikufunsani noti ili yokhayokha ayi. Imayamba yakuimbirani ma chord anayi, tinene mu kiyi ya C ndiye kuti C, F, G, n'kubwerera pa C. Akamatha ma chord amenewo, khutu lanu limakhala litadziwa kale kuti pakhomo ndi apa, do ndi ameneyu. Kenako imaimba noti imodzi, inu munene kuti ndi re, kapena fa, kapena la. Mukayankha, imaiyendetsa notiyo pang'onopang'ono, kutsika kapena kukwera, mpaka ikafike pa do. Ndiye mukamva ulendo umenewo kambirimbiri, noti iliyonse imayamba kukhala ndi khalidwe lake. Ti sakhazikika, amangofuna kukwera akalowe pa do. Fa amatsamira pa mi. So amaima nganganga, koma mumamva kuti nkhani sinathe. Re amakhala ngati waima pakhonde, sanalowe. Tsiku limene mudzayambe kumva zimenezi osawerengera, ndiye kuti zayamba kuyenda.

Ubwino wake ndi woti do amasamuka. Nyimbo ikakhala mu G, do ndi G. Ikakhala mu E flat, do ndi E flat, koma fa amatsamirabe pa mi chimodzimodzi. Ndiye mukaphunzira kamodzi mwaphunzira ma kiyi onse 12. Za do re mi zimenezi si zatsopanonso. Anaziyambitsa ndi mmonke wina wa ku Italy, Guido wa ku Arezzo, m'zaka za m'ma 1000, pofuna kuti oimba aphunzire nyimbo msanga. M'zaka za m'ma 1800 ku England mayi wina, Sarah Glover wa ku Norwich, ndi m'busa John Curwen anazikonza kukhala tonic sol-fa, ndipo Zoltán Kodály ku Hungary anadzaziika pakati penipeni pa kaphunzitsidwe ka ana. Foni yangotenga ntchito ya mphunzitsi wokhala pa piyano, woti satopa kukufunsani.

Tsopano ma app ambiri mukangowatsegula amakuponyerani pa ma interval, manoti awiri, inu munene mtunda wake. Ndipo anthu amakulangizani kuti interval iliyonse muipezere nyimbo yodziwika imene imayamba ndi mtunda umenewo, kuti mukamva muzikumbukira nyimboyo. Njira imeneyi imagwira pa app, sindikana, mudzakhoza nayo mayeso. Vuto limabwera pa nyimbo yeniyeni. Woimba akuthamanga, inu mulibe nthawi yoti muimbe kanyimbo kena m'mutu pa manoti awiri alionse. Chinanso, kuchoka pa do kupita pa mi, fa kupita pa la, so kupita pa ti, zonsezi ndi major third, mtunda wofanana ndendende, koma m'kati mwa nyimbo sizimveka mofanana olo pang'ono. N'chifukwa chake ndikuti yambani ndi malo a noti mu kiyi, ma interval abwere pambuyo.

Koma adzabwere ndithu, musawathawe. Pa kiyibodi yanupo n'zosavuta kuwaona. Kuchoka pa batani limodzi kupita pa loyandikana nalo, loyera kapena lakuda, ndi semitone imodzi. Ma semitone 3 ndi minor third, 4 ndi major third, 5 ndi perfect fourth, 7 ndi perfect fifth, 12 ndi octave. Wa 6 uja, tritone, ndi wosachedwa kumuzindikira chifukwa amamveka wokangana. Ndipo pali chifukwa chake ena amamveka osalala. Noti ya A imene zida zambiri amazichunira imanjenjemera ka 440 pa sekondi. Octave yake ndi 880, kuwirikiza kawiri, ndiye khutu limaimva ngati noti yomweyo yangokwera. Fifth yake ili cha pa 660, ndiye kuti iyi ikanjenjemera katatu inayo yanjenjemera kawiri, zimakumanakumana pafupipafupi, n'chifukwa chake zimagwirizana chonchija.

Pochita ma interval musasankhe onse nthawi imodzi, mudzangolotera. Lowani mu settings musankhe awiri okha otalikirana, tinene major third ndi octave. Akakhazikika onjezani wina. Yambani ndi okwera, kenako otsika, amene amavutirapo, pomaliza oimbidwa pamodzi. Ndikuchenjezeretu kuti fourth ndi fifth adzakuzunguzani, ndipo si inu nokha. Do kukwera kupita pa so ndi fifth, koma so kukwera kupita pa do wapamwamba ndi fourth, manoti ake ndi omwewo angosinthana malo. Mukafika pamenepo musadzione ngati ndinu ogontha.

Ma chord ndiye kwanu, poti zala zikuwadziwa kale. Major ndi ma semitone 4 kenako 3, monga C, E, G. Minor ndi 3 kenako 4, monga A, C, E. Noti yapakatiyo ndi imene imasintha zonse. Anthu amati major ndi yachimwemwe, minor yachisoni, eya, poyambira zimathandiza, koma musazikhulupirire kwambiri, pali nyimbo zovinitsa zili mu minor ndi zoliritsa zili mu major. Chabwino n'kuyesa kuimba manoti atatuwo limodzilimodzi app ikangoliza chord. Mukatha kuitulutsa noti yapakati ndi pakamwa, simudzafunikanso kulota.

Koma chimene chidzakupulumutseni munthu akayambitsa nyimbo mwadzidzidzi ndi gawo limene amati chord progressions, kutsatana kwa ma chord. Nyimbo zambirimbiri zimene timamva zimazungulira pa anayi okha, tikawerenga kuchokera pa do ndi woyamba, wachinayi, wachisanu ndi wachisanu n'chimodzi amene ndi minor. Mu C ndiye kuti C, F, G ndi A minor. Ndiye funso silikhala loti chord imeneyi ndi iti mwa ma chord onse a padziko, koma loti mwa anayiwa tapita pa uti. Mvetserani besi, noti yapansi penipeni. Besi ikapita pa fa, nthawi zambiri muli pa wachinayi. Ikapita pa so, wachisanu. Ikapita pa la, minor uja. Nthawi zina besi imanamiza, chifukwa chord imatha kutembenuzidwa noti ina n'kukhala pansi, koma zimenezo n'zam'tsogolo. Apa ndiye pofunika mahedifoni alamu. Sipika ya foni manoti apansi imawameza, mudzakhala mukuvutika kufunafuna chinthu choti sichikutuluka n'komwe.

Aa, ndisanaiwale, G7 ija mumaikonda kuika nyimbo ikamabwerera pa C. Muli G, B, D, F. Mu kiyi ya C, B ndi ti, F ndi fa, awiri osakhazikika aja ali m'chord imodzi, wina akufuna kukwera wina akufuna kutsika, ndipo pakati pawo pali tritone. Kadineni mumve mmene amakokera. Chord imeneyo mukaidziwa kukoka kwake, mudzaimva kulikonse.

Za ma melody, app imaimba kachidutswa inu mubwereze. Yambani ndi manoti atatu oyandikana. Lamulo langa pamenepa ndi limodzi, imbani kaye ndi pakamwa musanakhudze batani lililonse. Mawu anu akhale okoma kapena osakoma zilibe kanthu, palibe akukujambulani. Ngati simungathe kuibwereza ndi pakamwa ndiye kuti simunaimve, ndipo kusakasaka pa mabatani mpaka mutaipeza mwangozi kumaphunzitsa zala kufufuza, khutu osaphunzira kanthu. Muimbe, muitchule maina, mi re do, kapena so la so, kenako mudine kuti muone ngati munalondola.

Nthawi yake isakhale yaitali. Mphindi 10 kapena 15 tsiku lililonse zimaposa maola awiri a Loweruka lokha. Khutu limatopa msanga, ndipo likatopa zonse zimayamba kumveka zofanana, mukaona choncho tsekani. Masabata oyambirira mudzaona ngati palibe chikusintha, pena lero mukhoza bwino mawa n'kubwerera m'mbuyo. Ndi mmene zimayendera.

Msampha waukulu ndi malikisi. Ma app amenewa anawapanga ngati gemu, nyenyezi, ma level, 95 peresenti, ndiye munthu umatha kukhala katswiri wa app koma nyimbo yeniyeni ikakupeza n'kusowabe chochita. App imaliza piyano yoyera, noti iliyonse payokha, mwaulemu. Nyimbo yeniyeni muli ng'oma, magitala, woimba akutsetsereka kuchoka pa noti ina kupita pa ina. Ndiye kuyambira sabata yoyamba yomwe, mukatseka app muzitsegula nyimbo imodzi yosavuta imene mumaikonda. Choyamba pezani do, ng'ung'udzani noti imene mukumva kuti nyimbo ingathere pamenepo, muipeze pa kiyibodi. Kenako tsatirani besi pa mzere umodzi wokha, osati nyimbo yonse. Ngati ikuthamanga, pa YouTube mutha kuichepetsa liwiro kufika pa 0.75, kiyi yake sisintha. Musayang'ane ma chord pa intaneti mpaka mutayesa nokha, mukatero muyerekeze. Pamene mwasiyana napo ndi pomwe pali phunziro la tsikulo.

Ndipo pa app paja muziisintha kiyi. Poyamba khalani mu C masiku angapo kuti muzolowere, koma mukangoona kuti mukukhoza, ikani kuti izisankha yokha kiyi iliyonse. Mukakakamira C, mudzaloweza mamvekedwe a mabatani oyera m'malo mophunzira malo a manoti, ndiye tsiku lina woimba adzayambira mu A flat.

Ndiuzeni foni yanu ngati ndi Android kapena iPhone ndikutumizireni yoyenera. Ndipo madzulo ano dinani ma chord a C, F, G, C, kenako muimbe mi, fa ndi ti osadinanso kanthu, mundijambulire voice note kumbali, osati m'gulupumu, ndimve pamene tiyambire.