Achemwali, musamanyamule okalamba muli nokha

Mwafunsa ngati lamulo limalola kuti munthu mmodzi aziyang'anira okalamba onse m'nyumba yowasamalira usiku. Achemwali, ku England kulibe lamulo lotchula kuti wosamalira mmodzi akhale ndi okalamba angati. Chomwe chilipo ndi Regulation 18 ya m'malamulo a 2014 okhudza ntchito zaumoyo ndi zosamalira anthu, yomwe imangoti ogwira ntchito akhale okwanira ndiponso ophunzitsidwa bwino molingana ndi zosowa za okhala m'nyumbamo. Eni nyumba ena amabisala pamenepa.

Komatu kuperewera kwa anthu kumaoneka ndi maso. Tsegulani care plan (chikalata chofotokoza chisamaliro chomwe munthu akufunika) ya agogo aliyense. Ngati palembedwa kuti powadzutsa ndi hoist (makina onyamulira munthu) pamafunika anthu awiri, inu muli nokha, nyumbayo yalakwa kale. Chonde musawanyamule. Msana wanu uvulala, ndipo agogowo akagwa, woyamba kufunsidwa ndinu. Belu likulira kuchipinda chakumapeto, inu muli pakati posintha zofunda za wina, kwinaku agogo oiwalaiwala akukankha chitseko chapanja. Zoterezi muzizilemba, tsiku ndi nthawi yake, n'kukapereka kwa manijala pakalata, osati pakamwa pokha.

Zikapanda kusintha, bungwe la Care Quality Commission (CQC), lomwe limayendera nyumbazi, limalandira madandaulo a ogwira ntchito ngakhale osatchula dzina, ndipo lamulo la Public Interest Disclosure Act la 1998 limateteza oulula zotere. Mantha a viza ndikuwamvetsa, poti chilolezo chanu chogwira ntchito m'dzikolo chili m'manja mwa abwana omwewo. N'chifukwa chake lowani bungwe la ogwira ntchito ngati Unison lero lomwe. Ngati muli ku Scotland, kokadandaula ndi ku Care Inspectorate, bungwe loyendera nyumbazi kumeneko.