Achemwali, tiyi wanuyo sanaole, chonde musamutaye

Sabata yatha ndinalandira imelo yochokera kwa mayi wina wa ku Lilongwe. Akuti mnzawo wa kuntchito, Mtchaina, anawapatsa mphatso ya tiyi woumbidwa ngati chimbale, wolimba gwa, wokulungidwa m'pepala lolembedwa Chitchaina, ndiye atamasula anamva kafungo ngati ka m'nyumba yomwe yakhala chitsekere dzinja lonse, penanso ngati ka nsomba. Funso lawo linali lakuti, "Kodi waola? Ndingomutaya mwakachetechete mwini wake asadziwe?"

Achemwali, tiyi wanuyo ndi wa ku China wotchedwa pu-erh. Imelo yanuyi ndinaiwerenga katatu ndipo usiku umenewo tulo tinandivuta, chifukwa zomwe mukufuna kuchitazo ine ndinazichita, ndipo mpaka lero zimandipweteka mumtima.

Munali mu 2012, ulendo wanga woyamba wokaoda katundu ku Guangzhou, mzinda wa ku China. Kunali bambo ena achikulire amene ankatisungira makatoni podikira kontena, Chingerezi sankachidziwa ngakhale pang'ono, amene ankamasulira anali mwana wawo wamkazi. Pakhomo pa sitolo yawo panali katebulo ka thabwa kokhala ndi timabowo tothira madzi, ndipo tsiku lonse ankangokhala pamenepo nkumathira tiyi m'timakapu ting'onoting'ono ngati chitsekero cha botolo. Ine nthawi imeneyo mutu unali pa ma risiti ndi ndalama ya kontena basi, ndinkangomeza tiyiyo nkumapita. Tsiku lotsanzika anandipatsa chimbale ngati chanucho, anachipereka ndi manja awiri. Nditafika kwathu ku Ndirande ndinabenthula chibenthu chachikulu ndi mpeni, kuponya mumpoto, kuwiritsa mpaka kubwata, kuthira mkaka ndi masupuni atatu a shuga monga timachitira. Anatuluka wakuda bii ngati oilo wa galimoto, kukoma kwake ngati wamwa madzi a pachithaphwi. Wotsalayo ndinamuika mukabati pafupi ndi usipa ndi sopo, patapita miyezi itatu ndinamununkhiza, ndinakamuponya kudzala.

Chaka chotsatira nditabwererako funso loyamba la bambo aja linali la tiyi. Ndinanama kuti anali wokoma kwambiri ndipo tinamaliza. Mwana wawo anayamba waseka kenako anasiya, nkundiuza kuti chimbale chimenecho bambo ake anachisunga zaka zoposa khumi, anali nazo zisanu ndi ziwiri mumtolo umodzi ndipo ankapereka chimodzichimodzi kwa anthu amene awakonda. Munthu sungamalize chimbale chotero m'miyezi yochepa, ndiye anadziwa kuti ndanama. Sanandikalipire ai. Anangokoka mpando nkundiuza kuti ndikhale pansi, ndipo madzulo onse amenewo sitinakambe za makatoni.

Tiyi ameneyu dzina lake ndi pu-erh, ena amalemba Pu'er, ku Hong Kong m'malesitilanti a tizakudya ting'onoting'ono totchedwa dim sum amati bo lei. Amachokera ku chigawo cha Yunnan, kummwera chakumadzulo kwa China kufupi ndi malire a Myanmar ndi Laos, ndipo dzinalo ndi la tauni yomwe kale inali msika waukulu wa tiyi ameneyu. Masamba ake ndi a mtundu wa masamba akuluakulu uja wa assamica, amawathyola, kuwakazinga pang'ono m'chiwaya chachikulu, kuwafikisa, kenako kuwayanika padzuwa. Apa ndi pomwe pagona nkhani, chifukwa kuyanika padzuwako sikupheratu zamoyo zonse za m'tsambalo ngati momwe umachitira moto wa mufakitale, ndiye tiyiyo amapitirizabe kusintha ali mupepala momwemo, chaka ndi chaka. Akamuumba osamuchita china chilichonse amamutcha sheng, tingoti wamuwisi. Akadali watsopano amakhala wobiriwira, wowawa, womata mkamwa ngati nthochi yosapsa, koma pakapita zaka khumi, makumi awiri, amafiira, kuwawa kuja kumatha nkubwera kukoma kwina kovuta kukufotokoza, ngati fungo la thabwa lakale kuphatikiza zipatso zouma. Vuto linali lakuti anthu a ku Hong Kong ankafuna wokalamba wambiri kuposa amene analipo, ndiye mu 1973 fakitale ya ku Kunming, likulu la Yunnan, inayamba njira yachidule yomwe amati wo dui. Amaunjika masamba mulu waukulu, kuwaza madzi, kufunditsa nsalu, nkumatembenuza kwa mwezi ndi theka kapena miyezi iwiri, mulu uja umatentha wokha mkati ndipo tizilombo tosaoneka ndi maso timagwira ntchito yake. Ameneyu ndiye shou, wakupsa. Ine nditamva zimenezi ndinangoti aa, kumeneku si kuvundika nthochi kumene? Ndipo kafungo ka nsomba mukunenako, achemwali, kawirikawiri ndi fungo la mulu umenewo, limakhalapo pa shou amene sanakhalitse, ndipo limachoka akapitidwa mphepo.

Chomwe chimandiwawa ine nchakuti ifeyo sitiyenera kudabwa ndi zinthu zotere. Ufa woyera timaupeza titanyika mphale masiku angapo mpaka madzi kununkha, palibe amene amati chimanga chaola. Thobwa la tsiku lachitatu ena ndiye amalikonda kuposa la tsiku loyamba. Chambiko ndi mkaka wosasa. Kondowole anthu osamuzolowera amatseka mphuno, koma kamufunseni munthu wa ku Nkhata Bay akuuzani kuti fungo limenelo ndiye nsimayo. Mphuno zathu zimadziwa bwinobwino kusiyanitsa chosasa ndi choola, koma pa tiyi pokha nzeru imeneyi timaiiwala, chifukwa tinaphunzitsidwa kuti tiyi ndi fumbi la mupaketi lofiiritsa madzi kuti shuga apeze pokhala. Ndikunena izi mtima ukundiwawa chifukwa agogo anga aakazi anathyola tiyi ku Thyolo mpaka msana kupindika, dengu kumbuyo, mvula ili pamutu, koma anamwalira osalawapo tsamba lathunthu la tiyi loviikidwa m'madzi okha. Timalima tiyi ku Mulanje ndi ku Thyolo kwa zaka zoposa 100 koma ambirife kukoma kwa tsamba lenilenilo sitikudziwa. Ine ndimati ichi nchamanyazi, ndipo manyaziwo si a agogo anga ai.

Pena anthu amasokoneza chifukwa kufakitale za kwathu kuno nakonso amanena kuti tiyi akumusasitsa asanamuumitse. Zimenezo nzosiyana. Kwathu kuno masamba amawadula tizidutswa nkuwasiya kanthawi kochepa kuti mpweya uwadetse, monga momwe imadera mbatata kapena nthochi ukaisenda nkuisiya pambale, kenako moto, zathera pomwepo. Nchifukwa chake tiyi wathu akakhalitsa amangozizira, fungo kuthawa. Atchaina tiyi wathuyu amamutcha hong cha, kutanthauza wofiira, ndipo dzina loti wakuda, hei cha, analisungira amene wadutsa m'manja mwa tizilombo tija.

Bambo aja anandionetsanso chinthu china chimene ndinachikonda kwambiri. Mukayeza chimbale chanucho mwina mupeza kuti ndi magalamu 357. Nambala yachilendo eti? Zimbale zisanu ndi ziwiri amazimanga pamodzi m'makoko a nsungwi, mtolo umenewo amati tong, ndipo 357 kuchulukitsa ka 7 imakwana pafupifupi makilogalamu awiri ndi theka, zosavuta kuwerengera ndi kunyamula. Kale tiyi woumba chonchi ankamusenzetsa akavalo ndi abulu m'njira za m'mapiri mpaka ku Lhasa ku Tibet, ulendo wa miyezi, dzuwa ndi mvula zili pomwepo, ndipo kuumbako kunali koti asatenge malo komanso asaphwanyike. Pa zimbale zina mupeza manambala anayi, monga 7542. Awiri oyambawo ndi chaka chomwe kasakanizidwe kameneko kanayamba, 1975, osati chaka chomwe chimbale chanucho chinapangidwa, wachitatuyo ndi giredi ya masamba, womalizayo ndi fakitale, 1 ndi Kunming, 2 ndi Menghai, 3 ndi Xiaguan. Mfundo imeneyi igwireni, chifukwa ine inandidyetsa ndalama. Nditayamba kumukonda tiyiyu ndinalowa m'kashopu kena ku Guangzhou konko, mnyamata wogulitsa anandilozera 75 uja nkundiuza kuti ona, wa 1975, ndikupatsa motchipa chifukwa ndiwe mlendo. Ndinagula ziwiri. Anali tiyi wamba amene anamusunga dala pachinyontho kuti aoneke wokalamba, ukamwa pakhosi pamakanda. Tiyi weniweni wa zaka 40 sangakupeze pa mtengo wa nsapato, zimenezo iwalani.

Ndipo apa ndinene mosabisa, nkhani ya mitengo yogulitsira tiyi ameneyu imandinyansa. Chakumayambiriro kwa 2007 anthu ku China ankagula pu-erh ngati akugula mapuloti, osamwa, kungounjika m'zipinda kudikira kuti akwere, mitengo inakwera mopenga kenako chaka chomwecho inagwa, ambiri anatsala ndi milu ya zimbale ndi ngongole, alimi nawo anavutika. Mpaka lero maina a midzi ya ku Yunnan yotchuka ndi tiyi ngati Lao Banzhang ndi Bingdao amalembedwa pa mapepala ambirimbiri kuposa tiyi amene midzi imeneyo ingatulutse. Mitengo ya tiyi yomwe inamera kalekale iliko ndithu, nkhalango za tiyi za paphiri la Jingmai ku Yunnan zomwe anthu a mitundu ya Blang ndi Dai akhala akuzisamalira kwa mibadwo zinalowa m'kaundula wa malo ofunika padziko lonse wa bungwe la UNESCO mu 2023, koma zimenezo sizikutanthauza kuti pepala lililonse lolembedwa kuti mtengo wakale likunena zoona. Enanso ondikwiyitsa ndi awa amagulitsa pa Facebook ndi pa WhatsApp kuti tiyi wa ku China wochepetsa mimba, wochotsa mafuta, wochiza shuga. Atchaina amakonda kumwa shou akadya zonona chifukwa amakhazika m'mimba, inenso ndimamva choncho ndikadya kanyenya, koma tiyi si mankhwala, amene ali pa mankhwala a BP kapena a shuga asasiye chifukwa cha kapu ya tiyi. Ndipo kumwa chinthu utatsinzina ngati ukumeza kwinini, cholinga uonde, ndiye kuti kukoma kwake sudzakumva mpaka kalekale.

Nanga waola mumamudziwa bwanji?

Mutengereni pawindo masana mumuyang'anitsitse. Mukaona chuku chaubweya, chobiriwira kapena chakuda, kapena chimbalecho chili chonyowa, chofewa, chonunkha mosasa moboola mphuno, ameneyo yekha ndiye mutaye. Ngati ndi wouma, wabulauni, fungo lake la dothi lonyowa ndi mvula yoyamba kapena la nkhuni zakale, alibe vuto. Pali tiyi wina wa ku Hunan, woumbidwa ngati njerwa, amati Fu, amene mkati mwake mumakhala timadontho tachikasu ngati mbewu za mpiru ndipo amatimeretsa dala, koma ameneyo ndi wina, pa pu-erh musayembekezere zimenezo.

Kaphikidwe kake

Benthulani pang'ono cham'mbali ndi kampeni kosongoka, mozula osati modula, mulingo wa magalamu 5 kapena 6, muusiye pambale yoyera sabata imodzi kapena ziwiri kuti fungo la mulu lichoke. Ikani m'katipoti kakang'ono kapena mukapu, thirani madzi obwata, mutaye madzi oyambawo pakangopita masekondi ochepa, kawiri ngati mukukaika. Kenako thirani ena theka la kapu, werengani mpaka 15, tsanulirani onse mukapu ina. Masamba omwewo mubwereza kasanu ndi katatu kapena kuposa, nkumaonjezera nthawi pang'onopang'ono. Shuga ndi mkaka ai, kwa ulendo woyamba wokhawu. Wotsalayo mupepala lake lomwelo, mukatoni, pamwamba, kutali ndi khitchini, sopo, perefyumu ndi firiji, chifukwa amayamwa fungo lililonse, ndipo dzinja lathu lino musamuike pansi kapena kukhoma lonyowa.

Bambo aja ankati munthu usaweruze pa kapu yoyamba, dikira yachitatu, ndipo ukameza ukhale kaye chete. Ndinachita zimenezo madzulo aja, ndipo patapita kamphindi kunabwera kutsekemera kuchokera kukhosi kubwerera mkamwa, popanda shuga ngakhale kambewu kamodzi. Ndinawayang'ana, iwo anangogwedeza mutu nkunena kuti hui gan, mwana wawo anati ndi kutsekemera kobwerera. Ndinamwa makapu mwina khumi ndi awiri, ndipo poti tiyiyu ali ndi kafeini ngati tiyi wina aliyense ndinagona mochedwa kwambiri, nanunso musamwe usiku ngati tulo timakuvutani, komanso akakhala sheng watsopano musamwe m'mimba muli njala. Ulendo wanga wa 2019 ndinapeza sitolo ija muli anthu ena ogulitsa matayala, oyandikana nawo anati banjalo linabwerera kumudzi kwawo. Chimbale chachiwiri chomwe bambo aja anandipatsa madzulo a tiyi aja ndikadali nacho, chatsala ngati chikhatho cha mwana, ndimabenthulako kamodzi pachaka.

Lolemba mukapita kuntchito, achemwali, mutenge kachibenthu m'kapepala mukawapeze anzanuwo nthawi yopuma, muwafunse kuti ndi sheng kapena shou, ndi wa chaka chanji, ndipo muwapemphe akuphikireni okha kapu yoyamba. Mudzandilembere zomwe adzakuuzeni.